Musayambe ndi Mazenera, Mayi

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene wagula nyumba yakale, yamdima mkati. Akufunsa ngati ayambe ndi kukulitsa mazenera kapena kuika sola, kuti nyumbayo ikhale yowala ndiponso yosadya magetsi ambiri. Mayi, kalata yanu yandikumbutsa ndalama zimene ndinataya pokonza yanga, choncho mundikhululukire ngati nditalikitse nkhani.

Nyumba yanga inali ya njerwa zootcha, makoma ake okhuthala, mazenera ang'onoang'ono, moti ngakhale masana tinkayatsa getsi pabalaza. Mdimawo ndi umene unkandisowetsa mtendere, ndipo sindinaganize za china chilichonse. Ndinaitana mmisiri kuti aboole khoma lakumadzulo n'kuikapo zenera lalikulu, ndipo milungu yoyamba mlendo aliyense ndinkayamba ndamuonetsa zeneralo asanakhale pansi. Nyengo yotentha itafika, balaza linasanduka uvuni kuyambira 2 koloko masana mpaka madzulo, chifukwa dzuwa likapendeka limakhala m'munsi ndipo limalowa molunjika, moti denga lotulukira kunja silingalitchinge. Lero zenera limene ndinkanyadira lija limakhala lotseka ndi katani yokhuthala theka la tsiku.

Cholakwa chachiwiri chinali chachikulu kuposa pamenepo. M'munsi mwa makoma penti inali itafufuma, ndipo pansi pake pankatuluka ufa woyera ngati mchere. Mmisiri yemwe uja anati tipale n'kumatapo pulasitala wa simenti wolimba, ine n'kuvomera chifukwa ndinkafulumira kuona penti yatsopano. Mvula itagwa chaka chimodzi chokha, banga linabwerera, koma ulendo uno linatulukira pamwamba pa mzere umene simentiyo inathera. Ndinamvetsa mochedwa kuti njerwa zimayamwa madzi a m'nthaka n'kumawakweza, ndi kuti nyumba zambiri zakale zinamangidwa popanda chotchinga chinyontho pamaziko, koma zinkauma zokha chifukwa matope kapena laimu amene anamangira amalola chinyezi kutuluka. Simenti yolimba inangotseka njira, madziwo n'kukafuna potulukira pena. Gwero lake lenileni linali kunja: dothi linali litaunjikana kukhoma kwa zaka zambiri, ndipo madzi onse a padenga ankagwera patsinde pa khomalo. Titachotsa dothilo, kukumba ngalande ndi kuika mipaipi yolandira madzi a padenga, khoma linayamba kuuma lokha, ngakhale linatenga miyezi yambiri.

N'chifukwa chake zithunzi za nyumba zokonzedwa, zija za makoma oyera mbee ndi magalasi kuyambira pansi mpaka kudenga, zimandikwiyitsa masiku ano. Palibe amene amajambula ngalande, mawaya atsopano a magetsi kapena mitengo ya denga imene yasinthidwa chiswe chitaidya, chonsecho ndi zimenezi zimene zimasunga nyumba. Ndimakananso maganizo akuti kusamala chilengedwe n'kugula zipangizo zatsopano. Kupanga simenti kumatulutsa pafupifupi 8 peresenti ya mpweya wa kaboni, wotenthetsa dziko uja, umene anthu amatulutsa padziko lonse, ndiye munthu amene wagwetsa khoma labwinobwino n'kumanga lina, kenako n'kuika mapanelo a sola padenga, asadzitame kuti wathandiza dziko. Khoma lokhuthala lija limene ndinkalida ndi limene limasunga kuzizira masana n'kubweza kutentha usiku, popanda kulipira kalikonse.

Pali zinanso ziwiri zimene ndikupemphani kuti musazitenge mopepuka. Ngati denga kapena siling'i ndi ya asibesitosi (ulusi wochokera ku miyala umene kale ankasakaniza ndi simenti popanga zofolera ndi masiling'i), musalole aliyense kuiboola, kuidula kapena kuiswa, chifukwa fumbi lake likalowa m'mapapo limayambitsa matenda amene amaonekera patapita zaka makumi angapo, kuphatikizapo khansa; ntchito imeneyo ndi ya akatswiri. Penti yakale nayonso imatha kukhala ndi mtovu, ndipo kuipala youma kumadzaza nyumba ndi fumbi loopsa, makamaka kwa ana aang'ono.

Za sola

Sola ibwere pomalizira, mutachepetsa kaye magetsi amene nyumba imafuna. Babu lakale la mawati 60 limalowedwa m'malo ndi la LED la mawati 8 kapena 10 popanda kuwala kuchepa. Kuika zotchinga kutentha pamwamba pa siling'i ndi kupaka denga penti yoyera kumaziziritsa zipinda fani isanayatsidwe, ndipo madzi osamba angatenthetsedwe ndi chotenthetsera cha dzuwa. Mukatero mudzagula mapanelo ndi mabatire ochepa. Mapanelo amatha zaka 25 kapena kuposerapo, choncho kuwakhomera padenga lodontha ndiye kuti mudzalipira kawiri, powatsitsa ndi powakwezanso. Mukamaika mipaipi ya padenga ija, ikaninso thanki: milimita imodzi ya mvula pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi, ndiye denga la masikweya mita 100 likalandira mvula ya mamilimita 20 limatunga malita pafupifupi 2,000.

Yankho la funso lanu ndi lakuti zonse ziwirizo zidikire. Konzani denga, ngalande ndi mawaya, khalani m'nyumbamo chaka chathunthu mukuona kumene dzuwa limalowera nyengo iliyonse, ndipo pakani makoma ndi siling'i penti yowala, chifukwa mdima wina umachoka ndi zimenezo zokha. Ngati zenera mudzalifunabe, likhale mbali imene denga kapena khonde lingalitchinge dzuwa likakhala paliwombo, osati kumadzulo, ndipo injiniya aone kaye ngati khomalo likunyamula denga aliyense asanagwire nyundo.