Kutera itera, nkhani ili ponyamuka

Achimwene, bwalo la sukulu la mabulugamu mukuti helikopita ikaterepolo lisiyeni, ngakhale akuuzeni kuti helikopita imatera paliponse. Ponyamuka imafuna mpata woti ithamange kaye chakutsogolo mpaka liwiro la makilomita 30 kapena 40 pa ola, m'pamene mapiko amagwira bwino mphepo. Pamalo opanikizika imakwera choongoka injini ikukoka ndi mphamvu zonse, ndiye ikangofooka pamenepo palibe kothawira.

Ine zinandionekera ku Nsanje pogawa thandizo madzi atasefukira. Dzuwa lili paliwombo, kutentha kwa ku Chigwa cha Shire mukukudziwa, ndipo kukatentha mpweya umapepuka, helikopita siinyamula katundu wofanana ndi wa m'mamawa. Pailoti ananena yekha kuti kulemera kwakwana. Koma bwana wathu, munthu wosamva za anzake, anakakamira kuti akwezemo jenereta ndi m'bale wake, ati "ndege talipira ndife". Anakangana mpaka pailoti anagonja.

Tinadzuka pang'onopang'ono, kufika cha pakati pa mitengo basi n'kuima. Osakwera, osatsika. Phokoso la injini linasintha, mpando ukunjenjemera mpaka mano kugundana, alamu ikulira kutsogolo. Pansi mphepo ya mapiko inazula tenti, ndinaiona ikuuluka kulunjika kumchira, kumene kuli kapulopela kakang'ono kaja. Kakangogwidwa kameneko helikopita imazungulira ngati nguli. Mayi wina anandifinya mkono akuitana Yesu, masamba a bulugamu ali pawindo penipeni. Pailoti anaibweza pansi, tinagunda mwamphamvu moti msana umandivutabe kukazizira. Bwana uja? Anatsika n'kumakalipira ana kuti sanamange bwino tenti. Pepani sanatiuze mpaka lero, ndipo anakwezedwa udindo!

Inu okonda mpira mukukumbukira za Leicester City pa 27 Okutobala 2018. Helikopita ya mwini timu, Vichai Srivaddhanaprabha, inanyamuka pakati pa bwalo lawo la King Power Stadium atatha masewero ndi West Ham. Itangopitirira denga, beringi (kachitsulo kothandiza zitsulo kuzungulira mosakhulana) ya kapulopela ka kumchira inagwira, helikopita inazungulira n'kugwa panja pa bwalo n'kuyaka, anthu 5 onse amene anali m'katimo anafa. Inali helikopita yamakono ya mtundu wa AW169, pailoti wodziwa ntchito, nanga ife pabwalo la sukulu?

Ngati mwatsimikiza, nyamukani m'mamawa kusanatenthe. Chotsani matenti, malata ndi mapepala, thirani madzi pafumbi chifukwa likabuka pailoti saona pansi. Muuzeni za mawaya a magetsi, ali m'mwamba saoneka. Ana akhale kutali, wina asayandikire kumchira. Zotsalazo musiyireni pailoti, musatsutsane naye, akati tiyeni kwerani. Koma ine ndikangoona jenereta ikukwezedwa ndimatsika, bola bwato.