Kwa aphunzitsi amene afunsa za mbiri ya dziko lonse ku Fomu 1 ndi 2

Mayi aphunzitsi, funso lanu ndaliwerenga. Mwati mwapatsidwa History ku Fomu 1 ndi Fomu 2, ina mwa mitu yake ndi ya nyengo imene mabuku amaitchula kuti Middle Ages ndi zaka zotsatira mpaka cha m'ma 1700. Mabuku ndi ochepa, ana ndi ambiri, ndipo mukangoyamba kutchula mafumu a ku Ulaya theka la kalasi limawodzera. Mukufunsa kuti muyambire pati. Nane phunziro langa ndi lomweli, choncho ndiloleni ndiyankhe motalikirapo.

Chimene chimagonetsa ana ndi mayina osagwirana. Lero Charlemagne, mawa Mansa Musa, mkuja Martin Luther, aliyense pa tsamba lake, mwana osadziwa kuti anayamba ndani, kapena kuti pamene uyu ankalamula, kuno kwathu kunkachitika chiyani. Mwana wa zaka 13 mutu wake umagwira chinthu choyenda. Ndiye mpatseni chinthu choti achilondole: golide, mikanda, mliri, chimanga. Mafumu adzakumana nawo panjira, ndipo adzawakumbukira chifukwa anawapeza akuchita kanthu.

Musanayambe mutu uliwonse, mangani chingwe kuchokera pakona ina ya kalasi kufika pakona ina. Kuchiyambi kwake lembani 500, kumapeto 1800, ndipo mumange mfundo pa zaka 100 zilizonse. Nkhani iliyonse mukaiphunzitsa, mwana mmodzi alembe chaka ndi dzina pa kachidutswa ka katoni n'kukapachika pamalo pake. Chingwechi chisachoke chaka chonse. Mapu nawo musadandaule kuti palibe: tulukani panja, jambulani Africa, Arabia, India ndi China pansi ndi phulusa, ana aime pamalo a mizinda. Kalasi ya ana ambiri apa ndiye imakhala phindu, chifukwa aliyense amapeza malo oima.

Ine ndimayambira m'zaka za m'ma 1300, chifukwa kumeneko kuli munthu mmodzi amene amakusokerani dziko lonse pamodzi. Ibn Battuta anabadwira ku Tangier, ku Morocco, mu 1304. Ananyamuka kwawo mu 1325 kupita ku Mecca, ndipo anatha zaka pafupifupi 30 ali paulendo. Cha m'ma 1331 anafika ku Kilwa, chilumba cha kum'mwera kwa Tanzania wa lero, ndipo anauyamikira mzindawo kuti ndi umodzi mwa mizinda yokongola kwambiri. Anakakhala woweruza milandu ku Delhi. Mu 1348 anali ku Damascus pamene mliri unkapululutsa anthu. Mu 1352 anadutsa chipululu cha Sahara ndi apaulendo a ngamila kupita ku Mali. Mukamutsatira munthu ameneyu pa mapu a phulusa aja, mwaphunzitsa kale mitu inayi, ana osazindikira n'komwe.

Pa Kilwa mukhalitsepo, chifukwa apa ndi pamene nkhani imafika pakhomo pathu. Afunseni ana kuti kachilumba kakang'ono kotere kanalemera bwanji mpaka kumanga nyumba yachifumu ya Husuni Kubwa ndi kusula ndalama zakezake zamkuwa. Asiyeni alingalire kaye. Kenako muwauze za mphepo. Kuyambira cha mu Novembala mpaka Malichi, mphepo ya panyanja ya Indian imawomba kuchokera kumpoto chakum'mawa, n'kumakankha zombo za matanga kuchokera ku Arabia ndi India kubwera ku Africa. Kuyambira cha mu Epulo imatembenuka n'kuzibweza kwawo. Wamalonda wofuna kubwerera chaka chomwecho sakanapitirira kwambiri kum'mwera kwa Kilwa. Koma golide ankatulukira ku Sofala, kum'mwera kwenikweni, kuchokera ku mapiri a Zimbabwe. Ndiye a Kilwa ndi amene ankakamutenga ku Sofala n'kumugulitsa kwa alendo. Mwana akamvetsa mphepo imeneyi, safunikanso kuloweza chifukwa chake Kilwa inalemera. Amatha kuchifotokoza yekha.

Kuchokera pamenepo lowani kumtunda. Great Zimbabwe, mzinda wakale wa m'dziko la Zimbabwe, inamangidwa ndi miyala yosanjikiza popanda matope omatira, ndipo inali pachimake m'zaka zomwezi za m'ma 1300. Ofukula zakale anapezako zidutswa za mbale za ku China ndi za ku Persia, mikanda yagalasi, ngakhalenso ndalama ya ku Kilwa. Ku Ingombe Ilede, m'chigwa cha Zambezi ku Zambia, anapeza anthu oikidwa m'manda ndi mikanda yagolide ndi mkuwa woumbidwa ngati mtanda. Kuno ku Malawi, pa Mankhamba pafupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza, pamene panali likulu la a Kalonga a Maravi, katswiri wofukula zakale Yusuf Juwayeyi atafukula anapeza mikanda yagalasi yochokera kutsidya kwa nyanja, zidutswa za mbale za ku China, mkuwa ndi minyanga ya njovu. Mu 1616 Mpwitikizi wina, Gaspar Bocarro, anayenda wapansi kuchokera ku Tete kukafika ku Kilwa, ndipo panjira analandiridwa ndi mfumu yamphamvu ya Amaravi, Muzura. Chikatoni cha Mankhamba chikapachikidwa pachingwe pafupi ndi cha mafumu a ku Ulaya a nthawi yomweyo, mudzaona nkhope za ana zikusintha. Ambiri a iwo amakula akuganiza kuti mbiri ya kuno inayamba pamene David Livingstone anafika pa nyanja mu 1859, ndipo zimenezi zimandipweteka mtima kwambiri.

Great Zimbabwe ikupatsaninso mpata wophunzitsa chinthu chimene chimaposa chaka chilichonse choloweza: kufunsa kuti wanena ndani, ndipo akufuna chiyani. Atsamunda ambiri ankakana kuti Afirika akanamanga malo amenewo, n'kumati anamanga ndi alendo akale ochokera kutali. David Randall-MacIver mu 1905 ndi Gertrude Caton-Thompson mu 1929 anafukula n'kutsimikiza kuti omanga anali Afirika, koma boma la azungu la Rhodesia linapitirizabe kuphimba zimenezi. Afunseni ana: boma lolanda malo a anthu likanapindula chiyani ponena kuti eni malowo sanamangepo kanthu? Ana a Fomu 2 amayankha funso limeneli bwino kuposa mmene tingaganizire.

Golide wa kumadzulo kwa Africa mumulondole chimodzimodzi. Ankachokera kum'mwera, mchere unkachokera ku Taghaza m'chipululu, ngamila n'kumalumikiza ziwirizi. Mansa Musa wa ku Mali anapita ku Mecca mu 1324, ndipo ku Cairo anagawa golide wambiri moti mtengo wake unatsika. Mu 1375 ojambula mapu a pa chilumba cha Majorca anamujambula atakhala pampando, golide ali m'manja. Chithunzi chimenechi chili pa intaneti. Ngakhale pa foni imodzi yoyenda m'magulu chimagwira ntchito. Ndipo chimakonzekeretsa ana kumvetsa chifukwa chimene Apwitikizi anayambira kuzungulira gombe la Africa: mbiri ya golide ameneyu inali itawafika kale.

Za Ulaya wa nthawi imeneyo musatayepo masabata ambiri. Dongosolo la feudalism lifotokozeni mwachidule: mfumu imagawa malo kwa akuluakulu ankhondo, iwo amaithandiza pa nkhondo, ndipo alimi okhala pamalowo amalimira mwini malo masiku ena popanda malipiro, osaloledwa kuchoka mwakufuna kwawo. Ana a ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu amene anamvapo za thangata kwa agogo awo amagwira msanga, ngakhale ziwirizi sizifanana m'zonse. Chimene chimadzutsa kalasi ndi mliri wa Black Death. Unafika ku Sicily mu 1347 ndi zombo zochokera ku Black Sea, ukuyenda ndi utitiri wa makoswe, ndipo pofika 1351 unali utapha munthu mmodzi mwa atatu alionse ku Ulaya, mwinanso kuposa apo. Funso labwino apa ndi lakuti: antchito akachepa chotere, malipiro amatani? Ku England anakwera, olamula anakhazikitsa lamulo mu 1351 loletsa kukwerako, ndipo mu 1381 alimi anaukira. Njira zomwe zinkanyamula nsalu ndi zonunkhira ndi zomwenso zinanyamula matendawo, choncho chikatoni cha mliri chimalumikizana ndi zonse zimene mwaphunzitsa kale.

Asia musamusiye pambali, ngakhale mabuku ena amangomudumpha. Mapepala, wonga wamfuti ndi kampasi yoyendera panyanja zinayambira ku China. Manambala amene ana akulemba m'makope awo a masamu anachokera ku India, n'kudzera ku Baghdad kumene katswiri wa masamu al-Khwarizmi ankalemba m'zaka za m'ma 800. Pakati pa 1405 ndi 1433, Zheng He anatsogolera maulendo asanu ndi awiri a zombo zikuluzikulu za ku China, ena mpaka ku gombe la kum'mawa kwa Africa, ndipo nyamalikiti anatumizidwa ngati mphatso kwa mfumu ya ku China. Mpwitikizi Vasco da Gama atafika ku chilumba cha Mozambique, ku Malindi ndi ku Calicut mu 1498, anapeza nyanja yodzaza kale ndi malonda. Chimene anabweretsa chatsopano chinali njira yozungulira kum'mwera kwa Africa, ndi mizinga. Mu 1505 Apwitikizi anagonjetsa Kilwa n'kumanga linga ku Sofala, ndipo pofika m'ma 1530 anali atalowa mumtsinje wa Zambezi mpaka ku Sena ndi ku Tete.

Phunziro limene ndimalikonda koposa ndi la chakudya. Auzeni ana abweretse pang'onopang'ono chimanga, chinangwa, mbatata, mtedza, nyemba, tomato, tsabola, mapira, mawere, khobwe ndi nzama. Aziike m'milu iwiri: za kuno ndi zobwera. Pafupifupi onse amaika chimanga ku za kuno. Mukawauza kuti chimanga chinayambira ku Mexico, chinangwa ndi mtedza ku South America, ndipo kuti zonsezi pamodzi ndi mbatata, nyemba, tomato, tsabola ndi fodya zinawoloka nyanja Christopher Columbus atafika ku America mu 1492, kalasi imaphulika ndi mkangano. Omanga Great Zimbabwe ankadya nsima ya mapira ndi mawere. Musathamangire kuthetsa mkanganowo, chifukwa mwana amene akutsutsa ndiye kuti wayamba kuganiza. Mukatero muwauze zimene zinapita mbali inayo: akavalo, ng'ombe, nzimbe, ndi nthomba imene inapha anthu osawerengeka ku America n'kuthandiza Hernán Cortés wa ku Spain kugwetsa mzinda wa Tenochtitlan, ku Mexico, mu 1521. Nzimbe ndi imene ikutsegulirani khomo la malonda a akapolo. Minda ya shuga ya ku Brazil ndi ku Caribbean inkafuna manja ambiri, ndipo Afirika oposa 12 miliyoni anakwezedwa m'zombo zowoloka Atlantic pa zaka pafupifupi 350. Mutu umenewu musaupange sewero loti ana ena akhale akapolo ena ogula. Ana amaseka, wina amatsala ndi dzina lachipongwe mpaka Fomu 4. Afotokozereni modekha, ndipo musabise kuti panali mafumu ndi amalonda a mu Africa amene ankagulitsa anthu anzawo.

Nkhani za chipembedzo zimafuna kusamala komweko, pakuti m'kalasi mwanu muli Asilamu, Akatolika, a CCAP ndi ena. Pa nkhondo za Crusades, zimene Akhristu a ku Ulaya ankamenyana ndi Asilamu polimbirana Yerusalemu, perekani zimene zinachitika: Papa Urban II anaitanira anthu ku nkhondo mu 1095, Yerusalemu analandidwa mu 1099 ndi kukhetsa mwazi koopsa, mtsogoleri wa Asilamu Saladin anamulandanso mu 1187, ndipo mu 1204 ankhondo achikhristu anafunkha Constantinople, mzinda wa Akhristu anzawo. Chaka chomalizachi musachisiye, chifukwa chimaonetsa ana kuti chuma ndi ulamuliro zinali mkati mwa nkhondozo, ndipo palibe mwana amene ayenera kutuluka m'kalasi akumva ngati iye ndiye akuzengedwa mlandu. Za Martin Luther, amene anatsutsa zochita zina za mpingo wa Katolika mu 1517, zilumikizeni ndi makina osindikizira a Johannes Gutenberg a ku Mainz a m'ma 1450: ena anadandaulapo kale za mpingo Luther asanabadwe, koma zolemba zake zinafalikira mofulumira chifukwa cha makinawo. Kuchokera kwa Luther pitani kwa ena okonzanso mpingo, John Calvin ku Geneva ndi John Knox ku Scotland, ndipo mwana wa CCAP adzaona kumene mizu ya mishoni za Livingstonia ndi Blantyre inachokera.

Ndikudziwa kuti mukuganiza za mayeso ndi silabasi, ndipo nkhawa imeneyo ndi yoona. Zonsezi sizichotsa manotsi. Mphindi khumi zomaliza za piriyodi iliyonse ana alembe mfundo zisanu kapena zisanu ndi imodzi m'Chingerezi chosavuta, pogwiritsa ntchito mawu amene adzakumane nawo pa pepala la mayeso. Pofotokoza chinthu chovuta ine sindiopa kudutsira m'Chichewa kaye kenako n'kubwerera ku Chingerezi. Zaka zoloweza zisapitirire khumi ndi ziwiri pa teremu. Zina zonse mwana angodziwa kuti chinayamba n'chiti, chinatsatira n'chiti, ndipo chingwe chija chimam'kumbutsa tsiku ndi tsiku. Pa tchuthi muwatume akafunse agogo kapena a mfumu kuti mtundu wawo unachokera kuti, unadzera kuti, ndipo kale ankalima chiyani. Zimene abweretse muziyerekeze ndi zimene zili m'buku, poyera, pamene zikugwirizana ndi pamene zikusiyana. Ngati sukulu yanu ili kufupi ndi Dedza, pemphani a hedi ulendo wa ku Chongoni kukaona zojambula za pamiyala, zimene UNESCO inaziika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2006. Mundiuze mitu imene ili pa sikimu yanu teremu ino, tione pamodzi kuti muyambe ndi uti.