Kodi Turbine Yatsopano Ikugwiradi Bwino Ntchito Kuposa Yakale?

Funso: Ndinamva kuti pamalo opukusira magetsi ndi madzi akachotsa turbine (makina ozunguzidwa ndi madzi) yakale n'kuikapo yatsopano, mainjiniya amatha masiku ambiri akuyeza madzi odutsa m'chipaipi. Bwanji osangoyang'ana mita n'kuona ngati magetsi achuluka?

Yankho: Mwafunsa bwino, koma mita yokha ingakunamizeni. Magetsi angachuluke chifukwa chakuti damu ladzaza, kapena chifukwa chakuti makina atsopanowo akumeza madzi ambiri, pamene eni ake analipira kuti madzi omwewo azitulutsa magetsi ochuluka. Malita 1,000 pa sekondi iliyonse akamatsika mamita 100 amakhala ndi mphamvu ya makilowati 981, ndipo chofunika kudziwa n'chakuti makinawo akugwirapo ingati.

Magetsi savuta kuyeza. Madzi ndiwo amavuta, pakuti amathamanga kwambiri pakati pa chipaipi, amachedwa m'mbali, ndipo pamene chipaipi chakhota amayenda mozungulira. Tiyerekeze kuti opanga analonjeza kuonjezera 2 peresenti: ngati kuyezako kungaphonyenso ndi 2 peresenti, palibe angatsimikize kuti lonjezo lakwaniritsidwa, ndipo mkangano wa malipiro umayambira pomwepo.

N'chifukwa chake mbali zonse zimagwirizana kutsatira muyezo wa padziko lonse wa IEC 60041 wa mu 1991, womwe umafotokoza njira zingapo zoyezera. Pa njira ya Gibson amatseka zitseko za turbine, ndipo madzi akamaima amakankha chipaipi, choncho kukula kwa mphamvu imeneyo kumasonyeza madzi amene ankadutsa. Ena amatumiza phokoso modukiza madzi, kulowera kumtunda ndi kumunsi, n'kuona kusiyana kwa nthawi. Kumene madzi amatsika mamita oposa 100, amatha kuyeza kutentha kwake asanalowe ndiponso atatuluka, popeza mphamvu yotayika imasanduka kutentha, ngakhale kuti kusiyanako kumakhala kochepa kwambiri, kosafika ndi digiri imodzi yomwe.

Njira ya Winter-Kennedy, yomwe imayerekeza mmene madzi akukankhira pamalo awiri polowera mu turbine, ndiyo yosafuna ndalama zambiri, koma ine sindingaidalire payokha. Imangosonyeza mmene madzi akusinthira, osati kuchuluka kwake kwenikweni, ndipo turbine ikasinthidwa kayendedwe ka madzi polowera kangasinthenso n'kusokoneza chiwerengero.

Kuyeza kuyenera kuchitika kawiri, makina akale asanachotsedwe ndiponso atsopano ataikidwa, mwa njira imodzi ndi pamalo amodzi. Akadumpha kuyeza koyambako amatsala ndi mapepala a pamene turbine yakaleyo inali yatsopano, omwe sanena mmene mchenga unaiperepesera pa zaka zonsezo.