Yankho kwa achimwene ofuna kukwatira ndi kumanga ku Thailand

Achimwene, mwafunsa zinthu zitatu: viza yoti muzikhalira ku Thailand mukakwatirana ndi alamu athuwo, ngati malo omwe mukufuna kugula kwawo ku Khon Kaen angalembedwe m'dzina lanu, komanso ngati kusinthasintha kwa boma kumeneko kungakukhudzeni. Ndiyamba ndi malo, chifukwa ndi pomwe anthu ambiri amalirira.

Malowo sadzakhala anu. Lamulo la malo la 1954 limaletsa mlendo kukhala mwini wa nthaka, ndipo ukwati susintha kalikonse. Pali kampata kamodzi: mlendo woika 40 miliyoni baht (ndalama ya ku Thailand) m'dzikomo angaloledwe ndi nduna kugula rai imodzi, yomwe ndi masikweya mita 1,600, koma zimenezo si za ife. Chomwe chimachitika n'chakuti mkazi ndiye amagula. Tsiku losintha umwini mumapita nonse ku ofesi ya malo, ndipo inu mumasainira chikalata chonena kuti ndalama zogulirazo ndi za mkaziyo payekha, si chuma cha banja. Dongosolo limeneli linayamba mu 1999. Kale mkazi wa ku Thailand akakwatiwa ndi mlendo ankavutika ngakhale kulembetsa malo m'dzina lake. Ndiye zindikirani kuti ngakhale ndalama zonse zitachoka m'thumba mwanu, mwasainira nokha kuti si zanu. Amene munakulira kuchikamwini simungadabwe kwenikweni. Kudera la Isan, komwe kuli Khon Kaen, mwamuna ndiye amalowa kwa akazi ngati kwathu kuno, kungoti kwa mlendo ngati inu chikamwinicho chili ngati chalembedwa m'malamulo a boma.

Chomwe mungachite ndi kudziteteza pa tsiku lomwelo. Pali ufulu wotchedwa sitthi kep kin, wogwiritsa ntchito malo ndi kudya za pamalopo. Ungalembedwe kuti ukhale wa moyo wanu wonse, ndipo dzina lanu limalembedwa kuseri kwa chikalata cha malo. Mkazi akagulitsa kapena akamwalira, mwini watsopano amakupezani pomwepo ndipo sangakuthamangitseni. Mtengo wolembetsera ndi wochepa kwambiri ngati palibe ndalama yomwe mwalipirana. Koma muli msampha. Gawo 1469 la malamulo a zachuma ndi mabanja limalola mwamuna kapena mkazi kuthetsa mgwirizano uliwonse wa chuma womwe anapangana ali m'banja, nthawi iliyonse ali limodzi kapena pasanathe chaka banja litatha. Choncho ufuluwu ndi wolimba polimbana ndi achibale a mkazi pa maliro kusiyana ndi polimbana ndi mkazi mwiniwakeyo banja likasokonekera. N'chifukwa chake maloya ena amalangiza kulembetsa ufuluwu musanalembetse ukwati. Komanso maofesi a malo sagwira ntchito mofanana, ena amavuta akaona dzina la mlendo, ndiye kafunseni ku ofesi yeniyeniyo musanapereke ndalama kwa wogulitsa.

Njira ina ndi lizi, kubwereka malo molipira lendi. Malire ake ndi zaka 30, ndipo lizi yopitirira zaka 3 iyenera kulembetsedwa ku ofesi ya malo, apo ayi khoti limangoiwerengera zaka zitatu basi. Mumalipira 1.1 peresenti ya lendi yonse. Wina akakuuzani za 30 kuphatikiza 30 kuphatikiza 30, mufunseni kuti zaka 60 zinazo zalembedwa pati. Khoti lalikulu la dzikolo linagamula kale pa mlandu wa ku Phuket kuti malonjezo oonjezeratu zaka oterowo alibe mphamvu.

Nyumba yokha, kupatula dothi lomwe yakhalapo, mlendo angakhale mwini wake. Onetsetsani kuti chilolezo chomangira chatuluka m'dzina lanu, ndipo sungani malisiti a simenti, malata ndi amisiri.

Musanachite zonsezi gwirani chikalata cha malowo m'manja, muyang'ane pamwamba pomwe pali chizindikiro cha mbalame ya garuda. Ikakhala yofiira, ndi chanote, umwini wathunthu wokhala ndi malire opimidwa. Yobiriwira ndi Nor Sor 3 Gor, nayo imagulitsika ndipo ufulu wanu ungalembedwepo. Kumidzi ya ku Isan kuli malo ambiri a Sor Por Kor, omwe boma linagawira alimi. Amenewo sagulitsidwa mwalamulo, ndipo simungalembetsepo lizi kapena ufulu uliwonse. Palinso Por Bor Tor 5, lomwe ndi lisiti la msonkho chabe. Malo akatchipa modabwitsa, kawirikawiri chifukwa chake chimakhala chimenechi. Tembenuzaninso chikalatacho muone ngati malowo sanakongoletsedwe ku banki.

Za kampani yoti anthu a ku Thailand akhale ndi 51 peresenti m'dzina lokha, inu 49, kenako kampaniyo igule malo, zisiyeni. Ndi mlandu wofika zaka zitatu kundende ndi chindapusa chofika 1 miliyoni baht, ndipo apolisi akhala akugwira anthu pa nkhani yomweyi ku Phuket, Koh Samui ndi Koh Phangan. Ngati mukufunitsitsa chinthu cholembedwa dzina lanu, ndi kondo, nyumba ya m'mdadada wosanja. Alendo amaloledwa mpaka 49 peresenti ya malo onse a mdadadawo, ndipo ndalama zimayenera kulowa kuchokera kunja zili zakunja, banki n'kukupatsani umboni wake.

Mkazi akatsogola kumwalira mungalowe malowo ngati wamasiye, koma simungawasunge. Amakupatsani nthawi yosapitirira chaka kuti mugulitse. Mukakhala ndi mwana, iye ndi nzika, angakhale mwini.

Tsopano viza. Ukwati wa pamudzi, wa ansembe a Chibuda ndi sin sod, ndalama yoperekedwa kwa makolo a mkazi, a imigireshoni sauwerengera. Wofunika ndi wolembetsedwa ku amphoe, ofesi ya boma ya m'dera. Mufunika kalata yotsimikiza kuti ndinu wosakwatira, yomasuliridwa m'Chithai n'kudindidwa ndi unduna wa zakunja. Ngati munakwatirana kunja, mumakalembetsa ukwatiwo ku amphoe n'kulandira chikalata chotchedwa Kor Ror 22.

Mukatero mumapempha viza yotchedwa Non-Immigrant O, ya masiku 90. M'masiku 30 omaliza mumapita ku imigireshoni ya chigawo chomwe mukukhala ndi fomu ya TM.7 ndi 1,900 baht, kukapempha chaka chimodzi. Amafuna 400,000 baht mu akaunti ya banki ya ku Thailand, ya dzina lanu lokha, zitakhalamo miyezi iwiri yathunthu, kapena umboni wakuti mumalandira 40,000 baht pamwezi. Ambiri amagwa apa. Akaunti yolembedwa maina awiri imabweretsa mavuto, ndipo ndalama zikatsika pansi pa 400,000 ngakhale tsiku limodzi, chifukwa munatapako zogulira malata, kuwerenga kumayambiranso. Musaphatikize ndalama ya viza ndi ya nyumba. Tenganinso kalata ya banki ya tsiku lomwelo, satifiketi ya ukwati ya Kor Ror 3, Kor Ror 2 yongotulutsidwa kumene yosonyeza kuti banja likadalipo, chitupa cha mkazi, buku la nyumba la tabien baan, mapu opita kwanu, ndi zithunzi za awirinu muli pakhomo nambala ya nyumba ikuoneka, ndi zina za mkati. Mkazi ayenera kukhalapo. Amakudindirani masiku 30 odikira, ndipo chaka choyamba yembekezerani kuti abwera kunyumba kudzafunsa aneba ngati mumakhaladi limodzi. Ndalamazo zisiyeni momwemo mpaka chidindo cha chaka chitatuluka.

Tizinthu ting'onoting'ono ndi tomwe timaononga. Masiku 90 alionse mumanena komwe mukukhala, mukachedwa ndi 2,000 baht. Musanatuluke m'dzikomo, ngakhale kupita kumaliro kumudzi, gulani chilolezo chobwerera, 1,000 baht ulendo umodzi kapena 3,800 maulendo ambiri. Mukaiwala, chaka chanu chimafa pomwe akudindirani pa bwalo la ndege. Kukhala mopitirira masiku a viza ndi 500 baht patsiku mpaka 20,000, ndipo kupitirira masiku 90 amakuletsani kulowanso. Viza ya ukwati imalola kupempha chilolezo cha ntchito, koma payokha si chilolezo. Kugulitsa m'sitolo ya mkazi wanu popanda chilolezocho ndi mlandu. Banja likatha, chifukwa chokhalira chimathera pomwepo, pokhapokha ngati muli ndi mwana amene mukumulera, kapena mwakwana zaka 50 ndipo muli ndi 800,000 baht ya viza ya opuma pantchito.

Za ndale, musamange mapulani pa zomwe nduna yalonjeza. Mu Okutobala 2022 boma la nduna yaikulu Prayut linavomereza ganizo lofewetsa malamulo ogulira rai imodzi ija. Anthu anakuwa kuti akugulitsa dziko, ndipo mu Novembala ganizolo linachotsedwa. Mu 2024 boma la nduna yaikulu Srettha linakamba za lizi ya zaka 99 ndi kukweza gawo la alendo m'makondo kufika 75 peresenti. Srettha anachotsedwa ndi khoti mu Ogasiti chaka chomwecho, Paetongtarn yemwe analowa m'malo mwake naye anachotsedwa mu Ogasiti 2025. Nthaka ndi nkhani yomwe wandale aliyense kumeneko amaopa kuigwira. Zomwe zimasinthadi ndi zapansipansi: mabanki kuvuta potsegula akaunti ya mlendo, kapena msonkho, poti kuyambira 1 Januwale 2024 wokhala m'dzikomo masiku 180 kapena kuposa pachaka angadulidwe msonkho pa ndalama zomwe wapeza kunja n'kuzilowetsa. Ngati ndalama yomangira ikuchokera kunja, funsani za zimenezi isananyamuke.

Chomaliza, pakamwa ndi pa Facebook. Gawo 112 la malamulo a milandu limalanga kunyoza mfumu ya dzikolo ndi banja lake ndi zaka 3 mpaka 15 pa mlandu uliwonse, ndipo aliyense angakusumireni, ngakhale mlamu amene mwakangana naye za malire. Alendo sapatulidwa. Mu Epulo 2025 mphunzitsi wa ku America wa pa Naresuan University anamangidwa pa gawo limeneli, viza yake n'kuchotsedwa, ngakhale pambuyo pake mlanduwo sunapitirire. Ku zionetsero musayandikireko, ndipo nthabwala za mafumu zomwe timaseka nazo pa gulu lino musaziyerekeze mukakhala kumeneko.