Zoti faiba amachepetsa thupi ndi khansa ya m'matumbo

Achemwali, mwafunsa ngati zakudya za faiba zimachepetsadi thupi komanso kuteteza ku khansa ya m'matumbo akulu. Eya zimathandiza ndithu, ngakhale si mankhwala ayi. Faiba, amene amapezeka m'zakudya zochokera ku zomera, sagayika m'mimba ndiye mumakhala okhuta nthawi yaitali, njala siibwera msanga, komanso mumapita kuchimbudzi bwinobwino zoipa sizikhalitsa m'matumbomo. A bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO amati munthu wamkulu azipeza magalamu osachepera 25 patsiku.

Kuno ku Mangochi musavutike ndi zodula za mushopu. Ku chigayo kuja auzeni asakonole chimanga, mgaiwa basi, chifukwa faiba ali m'madeya omwe timapatsa nkhuku aja. Usipa ndi chambo nzabwino koma mulibe faiba olo pang'ono, ndiye pambali pakhale nyemba kapena nandolo, bonongwe, therere. Mango idyani eni ake osati juwisi, malambe nawonso ngabwino koma shuga achepe. Masoseji chepetsani, amawonjezera chiopsezo cha khansa imeneyi.

Yambani pang'onopang'ono apo ayi mimba idzatupa ndi mpweya, ndipo madzi muzimwa ambiri ndi kutentha kwathu kunoku. Mukaona magazi m'chimbudzi kapena mukuonda osadziwa chifukwa chake, chonde pitani kuchipatala msanga akakuyezeni.