Kodi 1942 ya pa TV gemu yathu ija inali yabodza?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mmodzi wa inu owerenga. Akuti ali mwana ankasewera 1942, gemu ya ndege zankhondo ija, pa ka TV gemu kolowetsa katiriji yachikasu yokhala ndi magemu ambirimbiri. Posachedwa anaiona pa YouTube ikuseweredwa pa makina oponyamo ndalama, ndipo anadabwa: ndege zikuyenda mosalala, nyimbo yake yosaboola m'makutu. Funso lawo ndi lakuti, kodi ife tinkasewera yabodza?

Achimwene, makina a TV gemu aja analidi okopera. Anawatengera ku Famicom ya kampani ya Nintendo, yomwe ku America ankaitcha NES, ndipo katiriji yachikasu ija nayo inalibe chilolezo. Koma gemu imene inali m'katimo ndi yomweyo imene eni ake, kampani ya Capcom, anagulitsa ku Japan mu Disembala 1985. Mwana wa ku Osaka amene makolo ake analipira mtengo wonse anamva kulira kwa tswii tswii komwe munkamva inu, ndipo ndege yake inkadukiza chimodzimodzi.

Gemuyi inabadwira m'makina oponya ndalama mu 1984, ndipo amene anaipanga ndi Yoshiki Okamoto. Mumayendetsa ndege ya America ya michira iwiri, P-38 Lightning, pamwamba pa nyanja ya Pacific, kuchokera ku Midway, kudutsa Rabaul, Saipan, Iwo Jima ndi Okinawa, maso ali ku Tokyo. Zigawo zilipo 32, ndipo zimawerengedwa chobwerera m'mbuyo, choncho nthawi zonse mumadziwa mtunda umene watsala. Mukagwetsa gulu lonse la ndege zofiira mumapeza chizindikiro cha POW, chomwe chimawonjezera mfuti kapena kukupatsani tindege tiwiri toperekeza. Zikathina mumadina batani lachiwiri, ndege n'kutembenuzika m'malere, zipolopolo n'kudutsa osakukhudzani. Kwa ine batani limenelo ndiye mtima wa gemu yonse, chifukwa mwayi wotembenuzika ndi wowerengeka, ndipo munthu amaphunzira kuugwira mtima mpaka pomwe palibenso pothawira.

Mbiri yeniyeni anaipinda ndithu. Nkhondo ya ku Midway inachitika mu Juni 1942, pomwe Japan inataya sitima zinayi zonyamula ndege, koma P-38 sinamenye nawo pamenepo, ndipo inkanyamuka pamtunda, osati pa sitima monga momwe gemu imaonetsera. Chimene chimandikhudza mpaka lero n'chakuti anthu a ku Japan ndi amene anapanga gemu yomwe wosewera amagwetsa ndege za dziko lawo lomwe, patangopita zaka zosakwana 40 nkhondo itatha.

Nanga n'chifukwa chiyani yakunyumba inatsika chonchi? Choyamba ndi sikirini. Ya makina oponya ndalama inali yoimirira, yaitali kupita m'mwamba, choncho mdani mumamuona akadali patali. TV ya pabalaza ndi yotambalala m'mbali, ndipo malo oonera kutsogolo anachepa. Chinanso, makina aakulu aja anali ndi mapurosesa (ubongo wa makina) awiri a mtundu wa Z80, imodzi yongoyang'anira za mawu, pamene Famicom inali ndi imodzi yosenza zonse. Famicom siitha kuonetsa tizithunzi toyenda toposa 8 pa mzere umodzi wa sikirini, ndiye ndege zikachuluka zina zimayamba kuphethira, kuoneka ndi kusowa. Nyimbo ya makina aakulu inali ya ng'oma ndi wezulo ngati pa perete wa asilikali. Itafika pa Famicom inasanduka kulira kwakuthwa kuja, kobwerezabwereza mpaka mayi a pakhomo kulamula kuti mawu atsitsidwe.

Koma sindivomereza kuti mlandu wonse ugwere makina. Ntchito yosamutsa gemuyi Capcom inaipereka kwa kakampani kena kotchedwa Micronics, komwe magemu ake ambiri a pa Famicom amadziwika ndi kudukiza komweku. Umboni wanga ndi 1943: The Battle of Midway, yomwe inatsatira. Inatuluka m'makina oponya ndalama mu 1987, n'kufika pa NES mu 1988. Makina ndi omwewo, koma ndege ikuyenda bwino, nyimbo ndi nyimbodi, ndipo opanga anaganizira munthu wokhala pamkeka kunyumba. Anaikamo mwayi wowonjezera mphamvu za ndege pang'onopang'ono, komanso mawu achinsinsi oti mawa mudzapitirize pomwe munasiyira. Apa m'pamene pali kusiyana kwenikweni. Gemu ya m'makina oponya ndalama imapangidwa kuti ikugwetseni msanga muponyenso ina. Kunyumba palibe choponya, ndiye zigawo 32 zofanana, nyanja ndi tizilumba, zimayamba kutopetsa ngati wopanga sanasinthepo kanthu. Mu 1942 yakunyumba sanasinthe mokwanira, mu 1943 anasintha.

Ngakhale zili choncho, musanyoze madzulo aja. Luso limene munaliphunzira, kudikira ndege zofiira, kusunga batani lotembenuzikira, kupeza mpata pansi pa chindege chobiriwira chotchedwa Ayako, ndi lomwelo limene limafunika pa makina aakulu, ndipo zala zanu zikulikumbukabe.

Ngati mukufuna kulawa yoyambirira, Capcom inaiika mu Capcom Arcade Stadium, phukusi la magemu ake akale, yomwe inatuluka mu 2021 ndipo imapezeka pa Switch, PlayStation 4, Xbox One ndi pa kompyuta. Mukaitsegula, tembenuzani sikirini iimirire ngati n'kotheka, kwezani mawu, mumve ng'oma ija mmene inayenera kumvekera. Mukatero mundilemberenso, mundiuze chigawo chimene mwafika ndi ndege zanu zoyamba.