TIFUNSENI: Dzina la mchombo wa mwezi linachokera kuti?

Zikomo a Mkonzi. Ine ndine mlimi wa kachewere kuno ku Bembeke. Mu Julaye ndinkagona kudimba kulondera mbewu, ndiye tsiku lina mdzukulu wanga wa ku sekondale anabwera ndi magalasi oonera patali amene anabwereka kwa aphunzitsi ake. Mwezi unali wathunthu. Nditasuzumira ndinaona kadontho koyera mbee, kali ndi mizere yomwazikira mbali zonse, ngati pamchombo pa dzungu. Mwanayo akuti dzina lake ndi "Tayiko". Ine ndinangoseka. Kodi chimenechi n'chiyani, nanga anachitcha dzina ndani poti kumeneko kulibe mfumu kapena anthu? Kodi ifenso tingaikeko dzina lathu?
Agogo a ku Bembeke, Dedza

Agogo, mdzukulu wanuyo sanakunamizeni, ndipo mumugulire chiwaya pa Lizulu mukadzadutsa. Polemba amalemba Tycho. Koma ndiyambe ndi mawu anu aja a mchombo, chifukwa ndinasangalala nawo. Zaka pafupifupi 400 zapitazo, katswiri wina wa ku France, Pierre Gassendi, anayang'ana malo omwewo n'kuwatcha m'Chilatini Umbilicus Lunaris, kutanthauza mchombo wa mwezi. Iye ali ku Ulaya, inu muli m'chisimba ku Bembeke mukunjenjemera ndi chisanu, koma maso anu anaona chimodzi.

Chimene munaonacho ndi chidzenje. Chimwala chochokera mumlengalenga chinagunda mwezi pa liwiro loopsa, nthaka n'kuphulika. Kukamwa kwa dzenjeli, kuchoka mbali ina kufika mbali ina, ndi makilomita pafupifupi 85. Mukakwera minibasi pa boma la Dedza kupita ku Lilongwe, mtunda wake ndi womwewo. Kuya kwake kumapitirira makilomita anayi ndi theka, moti phiri la Mulanje, lomwe nsonga yake ya Sapitwa ndi mamita 3,002, mutaliika m'menemo silingasuzumire n'komwe kunja. Pakati pa dzenjelo palinso phiri lakelake, lomwe linatumphuka nthaka itagundidwa, monga amachitira madzi mukaponya mwala padziwe.

Za mizere ija, yesani izi pakhomo, koma mayi a kunyumba asakuoneni. Thirani ufa woyera m'lichero, muusalaze, pamwamba pake muwazepo makala osinja mpaka ufa ubisike. Kenako imirirani, mugwetsepo kamwala. Muona kadzenje pakati, ndipo ufa wa pansi uja uthovokera kunja m'mizeremizere pamwamba pa makala. Ine ndinaonetsapo ana a mlongo wanga ku Tsangano, ufa wa nsima ya madzulo n'kuthera pamenepo, ndipo mlandu wake sunathebe. Mizere ya Tycho ndi fumbi lotere, ndipo ina imafika makilomita 1,500. Imawala chonchi chifukwa dzenjeli ndi laling'ono pa msinkhu: akatswiri amati lili ndi zaka pafupifupi 108 miliyoni, kutengera miyala imene anthu a ku America amene anapita kumwezi pa ulendo wa Apollo 17 anabwera nayo mu 1972. Nthawi imeneyo padziko pano pankayenda zilombo zikuluzikulu za mtundu wa zija mafupa ake anafukulidwa ku Karonga. Kwa ife n'kalekale, koma maenje ambiri a kumwezi ali ndi zaka mabiliyoni ndipo mizere yawo inazilala.

Tsopano dzina. Tycho Brahe anali mwana wa banja lolemera la ku Denmark, anabadwa mu 1546. Ali ndi zaka 20 anamenyana ndi mbale wake ndi malupanga mumzinda wa Rostock, mphuno yake n'kudulidwa, ndipo moyo wake wonse ankavala mphuno yachitsulo yomata. Mfumu inamupatsa chilumba cha Hven, kumene anamanga nyumba yoonerapo nyenyezi yotchedwa Uraniborg. Kumeneko anatha zaka pafupifupi 20 akuyeza malo a nyenyezi ndi mapulaneti usiku ndi usiku, molondola kuposa aliyense wa m'mbuyo mwake. Atamwalira ku Prague mu 1601, zolemba zakezo zinatsala m'manja mwa womuthandiza, Johannes Kepler, yemwe anazigwiritsa ntchito kupeza mmene mapulaneti amayendera pozungulira dzuwa.

Dzenjelo sanalitche yekha ayi. Analitcha ndi wansembe wachikatolika wa chipani cha Ajezuiti, Giovanni Riccioli wa ku Italy, mu 1651, m'buku lake lotchedwa Almagestum Novum. Mapu a mwezi a m'bukumo anajambula ndi wansembe mnzake, Francesco Grimaldi. Ena anali atayesapo kale. Michael van Langren mu 1645 anadzaza mwezi ndi mayina a mafumu ndi akuluakulu, ndipo Johannes Hevelius mu 1647 anangotengera mayina a malo a padziko pano, dzenje lanulo iye n'kulitcha phiri la Sinai. Koma mayina a Riccioli, a akatswiri a nyenyezi ndi anthu anzeru akale, ndi amene anthu anawakonda.

Apa ndi pamene ine ndimaseka ndekha. Wogawa nyama sadziiwala, sayiwalanso abale ake. Masiku amenewo kunali mkangano waukulu: kodi chimazungulira chinzake n'chiyani, dzuwa kapena dziko? Copernicus, katswiri wa nyenyezi wa ku Poland, anati dziko limazungulira dzuwa, ndipo mpingo unakana. Tycho anati dziko lili chiimire, dzuwa limazungulira dziko, mapulaneti ena n'kumazungulira dzuwalo. Riccioli m'buku lake anatsamira mbali ya Tycho, ndipo dzenje loonekera kwambiri mwezi ukakhala wathunthu linapita kwa Tycho yemweyo. Copernicus anamuika kufupi ndi dera lakuda lotchedwa Nyanja ya Mkuntho, ngakhale kunena zoona anamupatsanso dzenje lokongola kwambiri, moti ena amaganiza kuti mumtima wansembeyo ankamusirira. Ajezuiti anzake anawagawira awo, monga Clavius kum'mwera kwa Tycho. Iye mwini ndi Grimaldi anadzisungira maenje awiri oyandikana cha m'mphepete. Pa mkanganowo Tycho analakwitsa, wolondola anali Copernicus, koma dzina linakhala.

Funso lanu lomaliza. Lero mayina a kumwezi amavomereza ndi bungwe la akatswiri a zakuthambo la International Astronomical Union, lomwe linakhazikitsidwa mu 1919 ndipo linavomereza mndandanda woyamba wa mayinawa mu 1935. Maenje akuluakulu amatchedwa mayina a asayansi, akatswiri a maphunziro ndi ofufuza malo amene anamwalira zaka zosachepera zitatu zapitazo. Mtundu wa munthu suletsa, choncho Mmalawi angathe kulowapo ngati ntchito yake itadziwika. Koma wina akadzakuuzani pa intaneti kuti mutumize ndalama akulembereni dzina pamwezi, ndalama ya kachewereyo isungeni. Satifiketi yakeyo bungweli siliidziwa. Ndipo palibe amene angakuletseni kumautcha mchombo pakhomo panu.

Chinanso, agogo. Makina oonera zakuthambo anayamba kupangidwa mu 1608, Tycho atagona m'manda zaka zisanu ndi ziwiri. Ntchito yake yonse anaigwira ndi maso okha ndi zipangizo zoyezera. Ndiye kuti mmene munachionera inu chidzenjecho usiku uja, mwini dzina sanachionepo chotero.

Mdzukuluyo akadzabwerekanso magalasi, mwezi wathunthu ukamatuluka kum'mawa muyang'ane chakudzanja lamanja kwake, ndi kumene kuli mchombowo. Koma mukafuna kuona khoma la dzenjelo ndi mthunzi wake, musadikire kuti ukhwime. Yang'anani patapita tsiku limodzi kapena awiri mwezi utafika theka, m'malire mwa mdima ndi kuwala, ndipo zigongono muzitsamize pa mtengo kuti manja asanjenjemere.